Wonyowa Madzi a Mchere

Nkhani iyi anandiuza ndi a Pius Mbewe eni ake, chaka chomwe ndinkazungulira ku Mchinji ndi chikwama changa cha singano ndi mabatani. Mvula inatitsekera pakhonde la golosale pa Kamwendo, ndipo ataona kuti sikata msanga, mkuluyo anayamba kulankhula. Ine yanga inali kugwedeza mutu basi.

A Pius anachoka kwawo kwa Katsache, m'dera la Mavwere, mu 1979 kupita kumigodi ya ku Joni. Anasaina zaka ziwiri, koma anakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mgodi anauthawa nthawi isanakwane, nakabisala kulokeshoni kwa mayi wina wofulula mowa. Atatopana ndi mayiyo anatsikira ku Durban, komwe ankasenza matumba a shuga padoko. Kalata yakumudzi analemba imodzi yokha. Yachiwiri ankati alemba akapeza kanthu kotumiza, ndipo kanthuko sikanapezeke. Mu June 2001 anatsika minibasi pa Kamwendo ali ndi kachikwama kamodzi, mano osakwana, ndi chifuwa chomwe fumbi la mumgodi linawasiyira.

Anafika masana, koma sanafune kulowa m'mudzi anthu akuona. Mtchona wobwera chimanjamanja amadikira mdima umuphimbe. Choncho analowa mutiyirumu, nakhala pakona. Anthu m'menemo ankatsutsana za zipani mokweza, wina mpaka kutukwana boma, osacheuka n'komwe. A Pius okha ndi amene ankangoyang'ana kuchitseko, chifukwa dziko lomwe analisiya silinali lotero.

Anthu atachepa, anafunsa mayi wogulitsa tiyi.

"Mayi, kwa Katsache mumakudziwa?"

"Ndi kwathu kumene. Mukufuna ndani?"

"A Luwiza. Aja a Nambewe. Alipo?"

"Alipo, angokalamba. Inu ndinu mbale wawo?"

"Ayi. Ndinkagwira ntchito ndi mlongo wawo kalekale."

"Malemu a Pius? Ii, pepani bambo. Aja mwala unawapsinja mumgodi, anabwera ndi uthengawo ndi munthu wina wochokera komweko. Mtembo sunabwere, ndiye anaika thunthu la nthochi m'malo mwake, monga timachitira. Ine ndinali mtsikana, ndinatunga nawo madzi pamalirowo. Amayi awo analira mpaka mawu kutha. Nawonso anagona pafupi pomwepo, sipanathe zaka ziwiri. Ndikuonjezereni tiyi?"

A Pius anakana ndi dzanja.

Ananyamuka dzuwa litapendeka kwambiri. Akabaza anawaitana, iwo osayankha. Ankafuna kuyenda pansi kuti aganize. Njira ankaikumbukira: ukaoloka mtsinje pali mphambano, yakumanja imalowa kwa Katsache, yakumanzere ndi ija amadzera okankha shuga panjinga kupita ku Zambia. Mumtima anati akafika pamphambanopo ndi pomwe adziwe kolowera. Koma kunena zoona, anali atadziwa kale. Anthu analira, misozi inauma, manda anamera udzu. Akawadzutsire chiyani maliro? Akampatse chiyani mlongo wake, chifuwa? Ku Zambia kuli maesiteti, mlonda wokalamba sasowa pogona, ndipo palibe angamufunse dzina la amake.

Minda inali yokololedwa. Mapesi ankalira ndi mphepo ya June, ija yolowa m'mafupa. Zigafa za fodya zinangoti yasa, zopanda tsamba. Anakumana ndi mayi mmodzi wosenza nkhuni, kenako mwamuna wokusa ng'ombe ziwiri, ndipo kuchokera pamenepo sanakumanenso ndi munthu.

Chisisira chikugwa anadutsa pa mwala wa Akafula. Ndi thanthwe lalikulu loweramira njira, lokhala ndi mizere yofiira kunsi kwake. Ali mwana ankabisalapo mvula, ndipo akuluakulu ankati anajambula ndi anthu aafupi omwe ankakhala m'dziko lino Achewa asanafike. Komwe anapita palibe akudziwa. Manda awo palibe anawaona. A Pius anaima pang'ono, nayang'ana mizereyo mpaka mdima unaimeza, kenako anatsetsereka kumtsinje.

Mtsinjewo unali utaphwa. Mchenga unali tayale tsidya ndi tsidya, kamadzi kakuyenda pakati ngati ulusi. Anakhala pansi kuti avule nsapato.

Ndi pomwe anamva fungo.

Silinali la matope, silinali la ng'ombe. Linali fungo lomwe analisiya padoko ku Durban: mchere, ndere zowola, nsomba za m'nyanja yaikulu. Kuno? Ku Mchinji?

Anadzutsa mutu. Pamchenga, tsidya la kamadziko, panali munthu atakhala, akufinya malaya. Madzi ankatuluka m'malayamo ngati wapendeketsa ndowa. Ankafinya, madzi osatha.

"Mwaswera, bambo," anatero a Pius.

"Ndaswera. Tiperekezane, akulu. Njira ndi imodzi."

Munthuyo anavala malaya ake onyowawo, nanyamula botolo lomwe linali pambali pake. Anali wamng'ono kwa a Pius, wamtali, wa buluku lotambalala kumapazi lomwe anthu anasiya kalekale kuvala. Nkhope siinkaoneka bwino. A Pius anaoloka, nayamba kukwera mtunda. Mlendoyo anali pambuyo.

Tchofu... tchofu... tchofu...

Nsapato zodzaza madzi. Mvula inali italeka mu April. Kamadzi ka mumtsinje sikanafike n'komwe m'kakolo.

"Mwagwa m'madzi, bambo?"

"Kalekale."

Anayenda. Mwezi unatuluka wobenthuka. A Pius anaonjezera liwiro, chifuwa chikulira ngati mvukuto. Tchofu... tchofu... Mtunda pakati pawo sunasinthe.

"Madzi a m'nyanja amakoka pansi," anatero mlendoyo, ngati akupitiriza nkhani yomwe anaiyamba dzulo. "Pamwamba amaoneka ogona. Tinapita pa Khirisimasi, lole yathunthu ya anyamata a pamgodi. Anatilozera gombe lomwe ankalola anthu akuda, lija lamiyala. Anzanga anati usapitirire m'mawondo. Ine sindinkafuna kusambira. Ndinkangofuna kudzaza botolo. Mayi akunyumba anati ndiwabweretsere madzi a m'nyanja ya mchere, amati amathamangitsa zoipa m'nyumba."

A Pius anangopitiriza kuyenda.

"Mchenga unangochoka pansi pa mapazi. Basi."

Tchofu... tchofu...

Tsitsi linawaima. Anayesa Atate Athu, koma anangofika pakati, mawu ena onse anawathawa. Kutsogolo anaona mtengo waukulu wa mpasa. Mphambano! Apa asiyana. Munthu uyu apite kwake. Iwo alowe kumanzere, ndipo za usiku uno asadzauze munthu.

Anapotolokera kumanzere.

"Si uko."

"Ine... ine ndikupita ku Zambia, bambo."

"Si uko, a Pius."

A Pius anaima. Dzina lawo sanalitchule. Sanalitchule kwa aliyense chichokereni ku Durban!

"Nthochi yanu inagundizana ndi yanga. Ndimaiona. Inu mulibemo, inenso mulibemo."

Mawuwo tsopano anali kumbuyo kwa khosi lawo penipeni. Madzi ankadontha pamasamba ouma. Tho... tho... tho...

"Ine ndimafika. Chaka ndi chaka ndimafika pakhomo. Nyali imayaka m'katimo. Ndimamva akutsokomola, akusuntha mpando. Ndimagogoda. Taonani."

Mlendoyo anafika pamtengo paja, nakunga chibakera, n'kumenya thunthu katatu. A Pius anaona dzanja likugunda khungwa. Anaona madzi akuthovoka.

Phokoso panalibe. Zii.

"Tayesani inu."

A Pius anafuna kuthawa, koma dzanja linawagwira pamkono wa jekete. Kuzizira kwake! Kunapyola nsalu, kunapyola khungu, kukafika m'mano. Dzanjalo linakweza mkono wawo pang'onopang'ono, n'kuugunditsa pamtengo.

Go! Go! Go!

Mbalame inadzidzimuka m'mwamba, n'kuuluka.

"Mwamva? Chibakera chanu chimalira. Ndiye mukupita nacho ku Zambia?"

Dzanja linawasiya.

A Pius anathamanga. Kachikwama kanagwa, sanakatole. Nsapato imodzi inavuka. Anathamanga njira yakumanja, mapesi akuwakwapula, chifuwa chikung'ambika. Kumbuyo... tchofu... tchofu... osafulumira, osatsalira. Anafika pamsitu wa manda. Sanayang'aneko. Anadutsa ataphimba nkhope ndi mkono.

Atapitirira msituwo, mapazi aja analeka.

Mudzi unali utasintha. Nyumba zina zinali zamalata, zina zinagwa, pomwe panali khola panali tchalitchi chaching'ono. Koma mtengo wa mango womwe anabzala bambo awo unalipo, ndipo kuseri kwake kunali nyumba ya udzu, kuwala kwa koloboyi kukutuluka m'ming'alu ya chitseko. Anaima. Anayang'ana dzanja lawo. Kenako anamenya chitsekocho ngati akufuna kuchithyola.

"Ndani ameneyo? Chitseko ndi changa chimenecho!" Anali mawu a mayi wachikulire, koma a Pius anawazindikira.

"Ndine, achemwali."

"Ine ndani? Ine alibe dzina?"

"Pius."

Kenako anamva mayiyo akunong'ona pemphero mothamanga.

"Pius tinamuika. Bwererani komwe mwachokera, sitinakulakwireni. Mwambo wonse tinachita."

"Sindinafe, achemwali. Ndinangokhala chitsiru."

Anafuna kuonjezera mawu ena, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka kugwada, anatsokomola mpaka kulavula, mutu atatsamiritsa pachitseko. Zinatenga nthawi. Atamaliza, anamva mpiringidzo ukusuntha.

"Wakufa satsokomola chonchi," anatero a Luwiza.

Anakweza koloboyi. Anayang'ana imvi, masaya olowa, phazi lopanda nsapato. Anaika nyaliyo pansi bwinobwino kuti isazime, ndipo anayamba kuwamenya a Pius pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Kalata! Kalata yokha, achimwene! Amayi anafa akukutchulani! Tinalira nthochi! Nthochi, ife, masiku atatu!"

Anamenya mpaka mphamvu kutha, kenako anawakokera m'nyumba ndi kolala ya jekete.

M'mawa mudzi wonse unali pakhomo. Ena ankawagwira mkono kuti atsimikize, ena ankaseka, ena anaima patali atanyamula ana. A Pius anafotokoza za ku Joni mwachidule, koma atafika pa munthu wa kumtsinje uja, anthu anasiya kuseka. A Luwiza anatenga jekete, naonetsa anthu mkono wake. Panali poyera, pouma gwa, pooneka ngati zala.

Kumapeto kwa khamulo kunali mayi wina woonda, wa duku lakuda, dzina lake Imelda. Nyumba yake inali yachitatu kuchokera kwa a Luwiza. Anayandikira, nagwada pafupi ndi mphasa.

"Bambo, botololo linali lotani?"

"Lobiriwira, mayi. Pakhosi pake anamanga kansalu."

"Ndinamanga ndine." Anayang'ana pansi. "Ndi bambo ake a Stelia amenewo, a Stefano, amuna anga. Inu simungawadziwe, anadzakwatira kuno mutapita kale. Nyanja inawatenga pa Khirisimasi ya 1983. Thupi silinapezeke. Ndine ndinawatuma madziwo."

A Imelda anadzutsa mutu.

"Akuti amafika pakhomo?"

"Eya, mayi."

"Amagogoda?"

"Akuti amagogoda."

"Ine sindimva," anatero a Imelda. "Zaka zonsezi, ine sindimva."

Ananyamuka, nasasa fumbi m'mawondo, n'kupita kwawo. Madzulo ake anthu anawaona akuzula chitseko cha nyumba yawo, nakachiimika kuseri kwa nkhokwe. Mwana wawo Stelia anadandaula za mphepo ndi za akuba, koma mayiwo anangokoloweka chiguduli pakhomopo. A Pius anandiuza kuti mpaka tsiku lomwe tinkacheza lija, chitsekocho chinali chisanabwerere.

Mvula inakata, ndipo mkuluyo anakankha njinga ya mlongo wake kulowera kwa Mavwere, akutsokomola.

Ine ndayenda kwambiri, ndipo nkhani za pamsewu ndamva zosawerengeka. Iyi sindiikhulupirira. Munthu anali atangomva za maliro ake omwe, m'mimba muli tiyi yekha. Mayi wa mutiyirumu uja anali wolongolola, ndipo n'kutheka anatchulanso za a Stefano ndi botolo lawo, a Pius n'kuiwala kuti anazimva. Thukuta nalo likauma pansalu limayera. Ndikuganiza kuti pamphambano paja panalibe munthu wina aliyense. Panali nkhalamba imodzi yomwe inkafuna wina woikankhira kwawo, ndipo itamusowa, inadzipangira yokha. Koma zimenezi sindinawauze a Pius, ndipo ndikanakumana ndi a Imelda, sindikanayerekeza.