Ndani Akuwamana Chakudya Ababa?

Uyu ndi Chidwi. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Chidwi safuna kuti kanthu kamupite. Supuni ikagwa, Chidwi wafika. Munthu akanong'ona, Chidwi wamva.

Tsiku lina m'mawa, Chidwi anali ndi nkhawa. Bambo ake sankadya.

Bambo ake a Chidwi ndi telala. Amakhala pa makina osokera tsiku lonse. Amakonda kusoka. Koma kudya ndiye amakonda koposa! Amakonda mazira okazinga. Amakonda buledi wopaka majarini. Amakonda tiyi wa shuga wambiri. Mimba yawo imalowa m'nyumba eni ake akadali panja.

Koma tsiku limenelo mbale yawo inalibe kanthu. Kapu yawo inalibe kanthu.

Bambo anatambasula dzanja kuti atenge buledi. Mayi anachotsa bulediyo msanga.

"Lero ayi, bambo a Chidwi," anatero mayi.

"Kachidutswa kokha, mayi a Chidwi," bambo anapempha.

"Ngakhale kanyenyeswa," anatero mayi.

Chidwi anayang'ana bambo. Anayang'ana mayi. Anayang'ana mbale yopanda kanthu ija.

"Apa pali kanthu," anatero chamumtima.

Kodi ayambana? Kodi bambo alakwa? Kodi ndi chilango?

"Amayi, ababa alakwa chiyani?" Chidwi anafunsa.

"Sanalakwe. Idya msanga, tikupita kuchipatala."

"Ababa akudwala?"

"Ayi, sakudwala. Fulumira, tachedwa."

Munthu wosadwala kupita kuchipatala? Munthu wosalakwa kumanidwa chakudya? Apa pali kanthu ndithu!

Mayi anamupatsa Chidwi botolo.

"Thiramo madzi a bambo ako," anatero. "Madzi okha basi."

Chidwi anapita kukhitchini. Anathira madzi m'botolo. Kenako anaona chitini cha shuga. Anawamvera chisoni bambo ake.

Anasuzumira kukhomo. Kunalibe munthu.

Anathira shuga m'botolo. Anathiranso. Anathiranso. Anatseka botolo n'kulikhutchumula. Shuga anasungunuka. Madzi ankaoneka ngati madzi wamba.

"Ababa anga safa ndi njala ine ndilipo," anatero Chidwi.

Onse atatu anakwera basi. Mimba ya bambo inalira. Inaliranso mokweza. Anthu a pampando wakutsogolo anatembenuka.

Pa siteji panali munthu wogulitsa tchipisi. Bambo anayang'ana tchipisi. Mayi anayang'ana bambo. Chidwi anayang'ana mayi.

"Ababa, imwani madzi," Chidwi ananong'ona.

"Ndimwa tikafika, mwanangu. Basiyi ikugwedezeka kwambiri."

Anafika kuchipatala. Anakhala pa benchi lalitali. Pakhoma panali chithunzi cha mtima. Pakona panali sikelo yoyezera anthu.

Namwino anawaitana kuti alowe m'chipinda. Anavala zoyera. Anali ndi timabotolo ting'onoting'ono patebulo.

"Bambo, mwadya chilichonse m'mawa uno?" namwino anafunsa.

"Ayi," anatero bambo.

"Tiyi?"

"Ayi."

"Mwachita bwino kwambiri," anatero namwino. Anamwetulira. Mayi nawonso anamwetulira.

Chidwi anatong'ola maso. Nawonso anamwino? Ndiye kuti agwirizana ndi amayi!

Chidwi sanathenso kupirira. Anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Anamwino, bwanji mukuwamana chakudya ababa anga?"

"Iwe Chidwi!" anatero mayi.

Namwino anaseka. Anawerama n'kumugwira Chidwi paphewa.

"Wafunsa bwino, mwana wanga. Tikufuna kuyeza mafuta a m'magazi mwa bambo ako."

"Magazi amakhala ndi mafuta?"

"Inde. Magazi amayenda m'mitsempha ngati madzi m'paipi. Mafuta akachuluka, njira imachepa. Njira ikachepa, mtima umavutika."

Chidwi anayang'ana pachifuwa pa bambo ake. Anachita mantha.

"Nanga njala ikubwera bwanji pamenepa?" anafunsa.

"Munthu akadya, chakudya chimalowa m'magazi. Chingasokoneze zimene tikuyezazo. N'chifukwa chake adokotala anati bambo ako abwere asanadye."

"Nanga akadya?"

"Tiwabweza. Adzabweranso tsiku lina, ndi njala ina."

Chidwi anakumbukira botolo lija.

"Nanga... nanga shuga?"

"Ngakhale shuga," anatero namwino. "Madzi okha ndiwo amaloledwa."

Pomwepo Chidwi anamva kaphokoso kumbuyo kwake. Anatembenuka. Bambo anali atatsegula botolo. Analikweza. Linali pafupi ndi pakamwa!

"Ababa, musamwe!"

Chidwi analumpha. Anagwira botolo ndi manja awiri. Madzi anatayikira pa malaya a bambo. Anatayikira pa thalauza. Anatayikira pansi.



"Mwamwako?" Chidwi anafunsa.

"Ngakhale dontho," anatero bambo. "Malaya angawa ndiwo amwa."

Chidwi anayamba kulira.

"Ndinathiramo shuga. Ndimaganiza kuti amayi akukulangani."

Mayi anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana mayi. Kenako onse anaphulika ndi kuseka. Namwino anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Usalire," anatero namwino. "Wawaletsa nthawi yabwino."

Namwino anatenga singano. Bambo anatsinzina. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Telala kuopa singano!" anatero mayi.

"Yanga ija imabaya nsalu," anatero bambo. "Iyi ikubaya ine."

Chidwi anagwira dzanja la bambo ake. Analigwira mwamphamvu. Namwino anatenga magazi pang'ono chabe.

"Basi, tatha," anatero namwino.

"Mwatha kale?" bambo anafunsa. Anatsegula diso limodzi.

Anadikira pa benchi paja. Kenako adokotala anawaitana.

"Mafuta akwera pang'ono," anatero adokotala. "Koma tawaona msanga. Muzichepetsa zokazinga. Muzidya masamba ndi zipatso. Muziyenda tsiku ndi tsiku. Mudzabwerenso tidzaone."

"Mtima wa ababa ukhala bwino?" Chidwi anafunsa.

"Tikausamala, uli ndi mwayi wabwino," anatero adokotala. "Uziwathandiza."

Anatuluka panja. Anakhala pamthunzi. Mayi anatsegula chikwama chawo. Munali nthochi. Munali malalanje. Munali mtedza wophika.

"Idyani tsopano, bambo a Chidwi," anatero mayi.

Chidwi anadabwa.

"Amayi, zonsezi munawanyamulira ababa?"

"Nanga ndikananyamulira ndani?"

"Ndiye kuti mumawakonda?"

"Kwambiri," anatero mayi. "Ndikufuna mtima wawo ulimbe. Ndikufuna adzakusokere diresi la ukwati."

"Iii, amayi!" anatero Chidwi. Anabisa nkhope.

Bambo anafuna kuyankha, koma m'kamwa munali modzaza.

Chidwi anasenda nthochi yaikulu. Sanapatse bambo. Anapatsa mayi.

"Pepani, amayi," anatero.

Mayi anamukumbatira.

Pobwerera kunyumba sanakwere basi. Anayenda pansi, monga ananenera adokotala. Bambo anali uku. Mayi anali uku. Chidwi anali pakati, atawagwira manja onse awiri.