Nsupa Yomwa Mapiritsi a Hélia

Nkhondo itatha, anthu pobwerera ku Majaua kuchokera m'makampu a ku Malawi, aliyense adayamba ndi zimene adasenza pamutu. Fabião adabwera ndi khasu, pulasitiki yofolera denga, ndi mkazi wake Hélia, amene maso ake anali atayamba chikasu. Munda adaupeza uli thengo. Patsidya pa msewu, mnzake wa paubwana Olímpio anali atakhoma kale malata, ndipo dzuwa likang'anima pamalatapo Fabião ankalavula pansi.

Hélia ankadzikanda mpaka kutuluka magazi, mimba ikutupa. Ku Quelimane dotolo adati ndi nthenda ya chiwindi yosaonekaoneka, yofuna mapiritsi ochokera kunja, limodzi tsiku lililonse. Pepala la dotololo, reseita, ndidawawerengera ndine, poti m'mudzi monse wolawa sekondale ndinali ndekha. Botolo limodzi pamwezi, mapiritsi makumi atatu, ndipo ngakhale utanyamula ndalama pa ngolo, lachiwiri sakupatsa. Mtengo wake unali wa njinga yatsopano.

Fabião adagulitsa mbuzi zonse zomwe a mpingo adawapatsa poyambira. Hélia atamwa mwezi umodzi adadzuka n'kusesa pabwalo. Botolo litatha adagonanso. Pamenepo Fabião adabwereka njinga, ulendo wa ku Molumbo kwa mayi Armanda, sing'anga wokhwimitsa anthu. Adawapeza masana akusenda nyemba.

"Wabwerera mkazi kapena malata?" adafunsa mayiwo osadzutsa mutu.

"Mkazi, mayi."

"Onse amatero." Adatulutsa kansupa kakuda. "Aka kakuitanira ndalama. Koma nako kamadwala. Mwezi uno ukamwetse piritsi limodzi la m'botolo la mkazi wako. Mwezi wamawa awiri. Winawo atatu."

"Mpaka liti?"

"Mpaka utakhuta. Tsiku lomwe wafuna, ukataye mu mtsinje wa Ruo. Chuma chidzabwerera kwawo, mkazi n'kutsala wako."

"Ndiye n'zosavutatu."

Mayi Armanda adaseka, nyemba zili waa m'lichero. "Mu Ruo mulibe nsupa yanga ngakhale imodzi, mwananga."

Ndalama zidabweradi. Fabião adayamba kuolotsa chimanga pa njinga kupita ku Muloza, ndipo thumba lake linkagulidwa asanalitsitse. Njinga zidakhala zitatu, kenako khumi. Hélia adanenepa, nabwerera ku kwaya. Tsiku limodzi pamwezi losamwa mankhwala silinkaoneka.

"Bambo a Bela, botololi bwanji latha Lachinayi?" Hélia adafunsa mwezi wachinayi, pomuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Adotolo ati uzipumira masiku ena, chiwindi chisazolowere."

"Aa, chiwindi chimapita kutchuthi ngati aphunzitsi?" Hélia adaseka, nakhulupirira.

Fabião adadziuza kuti akakhoma malata basi, nsupa ipite mu Ruo. Malata adakhoma, oposa a Olímpio. Adati akagula chigayo basi. Chigayo chidalira. Pofika mwezi wakhumi, tulo tidamuthawa, mpando sunkamukhalika. Ankazungulira nyumba, kulowa m'chigayo, kutuluka, kulowanso. Nsupa inali m'thumba la jekete, ndipo mwezi ukamatha inkatentha panthiti ngati khala. Adayesa kuinyenga ndi mapiritsi a mutu a pamsika. Tsiku lomwelo lamba wa chigayo adaduka, njinga ziwiri zidagwera m'madzi ndi chimanga chomwe. Adathamangira ku Quelimane ndi ndalama zodzaza chikwama kuti agule mabotolo awiri. Wogulitsa mankhwala adaloza reseita ndi chala: limodzi.

Chikasu chidabwerera m'maso mwa Hélia. Olímpio adamupeza mnzake pachigayo.

"Achimwene, ndalama zonsezi, mlamu akuyenda chogwira khoma?"

"Nsanje! Malata ako achita dzimbiri, ndiye walowa udotolo?"

Tsiku lina m'mawa Fabião adafikadi pagombe la Ruo, nsupa ili m'manja. Adatambasula mkono. Patsidya amalonda adamuona n'kuyamba kukuwa: "Bwana Fabião! Bwana Fabião, chimanga chilipo?" M'kampu muja ankamuitana ndi nambala ya khadi ya ufa. Adabweza nsupa m'thumba. Mwezi umodzi wokha, adatero, ndigule kaye galimoto.

Mwezi umenewo, wakhumi ndi chisanu, nsupa idamwa mapiritsi khumi ndi asanu, theka la botolo. Hélia sankadzukanso. Adamuitana mwamuna wake, mawu ali pansipansi.

"Bambo a Bela, ndidakuonani mukuthira mapiritsi anga m'kanthu kakuda. Sindidafunse. M'kampu tinkagawana chikho chimodzi cha nandolo, inu n'kumanama kuti mwakhuta kuti ine ndidye. Munthu ameneyo mudamusiya ku Malawi kodi?"

Fabião adakwera njinga kuthamangira ku Ruo, ulendo uno motsimikiza. Asanafike pamtunda adamva azimayi akulira maliro kumbuyo kwake.

Adabwerera akupalasa ngati wolumidwa ndi njuchi. Pamaso pa anthu onse adamenyetsa nsupa pamwala kuti atenge mapiritsi aja amwetse mkazi wake. Mudatuluka madzi achikasu onunkha, n'kulowa m'dothi. Adagwada n'kuyamba kukumba ndi zala, ndipo amuna anayi adalephera kumudzutsa.

Galimoto idafika tsiku la maliro, ntchito yake yoyamba n'kunyamula bokosi. Chigayo chidapsa mvula isanagwe. Njinga zija onyamula katundu adathawa nazo.

Mukafika pamsika wa Milange lero mudzaona bambo wa jekete long'ambika akutola timiyala toyera n'kumaika m'botolo. Tikakwana makumi atatu amaimitsa mayi aliyense wodutsa: "Imwa, mayi a Bela, mwezi uno ndi onse."

Ine ndaona zambiri ndipo sindilankhula zam'maluwa. Fabião sadagwetsedwe ndi umphawi, ngakhalenso Armanda sadamutsekere njira, poti Ruo anali pompo tsiku lililonse. Dyera limalowa m'nyumba litavala nkhope ya chifundo, limapempha piritsi limodzi lokha, ndipo mawu akuti "basi" siliwadziwa. Wofuna chuma cha m'nsupa adziwe kuti nsupayo imadya chomwe iye adapitira kukapulumutsa.