Makalata a Pansi pa Chitseko

Kalata yoyamba anaipeza ndi mayi osoka zovala, m'mamawa potsegula chitseko. Inali yopindidwa kanayi, yopanda dzina, zilembo zake zopendekera: "Mwana wanu akukwatiwayo ali ndi pathupi pa mwamuna wina."

Sabata isanathe, kalipentala analandira yake, namwino yakenso. Wogulitsa nyama atawerenga yake anathamangitsa mkazi wake. Anthu ankati usiku kumamveka mapazi okhwekhwereza koma agalu osauwa. Ena ankati akulemba ndi munthu wakufa. Akuchimuna anatumiza mawu akuti ukwati uyambe waima.

"Wakufa angagule kuti cholembera?" mayiwo ananong'oneza mlamu wawo. "Alamu, ameneyu timapatsana naye moni. Timutchera."

Mawa lake anauza anthu atatu chinsinsi chabodza, aliyense chake. Wometa anamuuza kuti amuna awo amamwa mobisa. Mayi wapagolosale anamuuza kuti mlamuyo akudwala khunyu. Aphunzitsi opuma, amene anthu ankawapititsira makalatawo kuti awawerengere, anawauza kuti diresi la ukwati analisoka ndi nsalu yakuba.

Usiku woyamba kunali zii. Wachiwiri, mphepo yokha ikugwedeza malata. Wachitatu, awiriwo atakhala mumdima pafupi ndi makina osokera, anamva khwee, khwee, mapazi akuyandikira mpaka kuima. Kuseri kwa chitseko munthu ankapuma movutikira. Pepala linayamba kulowa pang'onopang'ono.

Mlamu analitola, nayatsa tochi, n'kuliwerenga. "Nsalu yakuba!" anakuwa. "Ndi aphunzitsi!"

Mayiwo anakankha chitseko. Panja panali nkhalamba ija, itavala masokosi okha kumapazi, galu wapakhomo akuinyambita dzanja. Sinathawe. M'nyumba zoyandikana nyale zinayaka, anthu akuthamanga, ena ndi mitengo, ena zovala zili m'manja.

"Inu bambo, tinakulakwirani chiyani?" anafunsa mayiwo.

Aphunzitsi anayang'ana pansi. "Chimwalirireni mkazi wanga, pakhomo panga sipankafika munthu. Masiku ano mumabwera nonse, kukhala pampando, kundiuza zakukhosi."



"Kukacha muyenda khomo ndi khomo," anatero mayiwo. "Mukanene ndi pakamwa panu kuti munanama. Muyambire kwa apongozi a mwana wanga."

Anayendadi, mudzi wonse uli pambuyo pawo, ndipo ukwati unachitika mwezi womwewo. Koma wogulitsa nyama atapita kukapepesa, mkazi wake anamumvetsera mpaka kumaliza, kenako anatseka chitseko.