Mtsinje Wosaoletsa Kanthu

Rufina, mlimi wa mbatata ya kachewere kufupi ndi Domwe, ndiye anayamba kuona zachilendozo. Mphale imene anaviika m'madzi a mumtsinje inatha masiku osasasa, osatulutsa ngakhale kafungo. Padziwe pomwe ankatunga, nkhuku yakufa inakodwa m'bango, koma sinaole. Inangokhala yotuwa mbuu, maso ali tong'o, ntchentche osaiyandikira.

Kenako kunadza phokoso. Mdima ukagwa, nkhungu itatsika m'mapiri, kumtunda kunkamveka chinthu chikukhwekhwereza pamiyala, chikaima, kenako khuthu, khuthu, ngati ng'ombe ikusanza. Agalu ankangolirira m'makonde. Anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi a Laurinda, mayi wamasiye amene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, akutsuka zithumwa zawo.

Masiku omwewo amuna ake a Rufina, a Serafim, anadzitema ndi khasu kudimba, natsuka bala pamtsinjepo monga ankachitira kuyambira ali mwana. Mwendo unatupa mpaka m'bondo. Anakwera shapa, minibasi ya kumeneko, kupita kuchipatala ku Ulongwe, komwe anawabaya jakisoni, kusintha mankhwala, kusinthanso, koma bala linkangonyeka. Namwino anauza Rufina kuti tizilombo ta m'balalo tinali titazolowera kale mankhwala onse amene chipatala chinali nawo, ngati kuti tinakulira m'mankhwalamo. Panalibe njira ina koma kudula mwendowo.

Atabwerera kumudzi madzulo a tsiku limenelo, Rufina anatenga chikwanje, nakabisala m'bango kudikira a Laurinda. Kunazizira mpaka mano kugundana. Chinthu chija chinabwera pang'onopang'ono, chopanda nyali, ndipo chitafika pafupi anaona kuti ndi ngolo yodzaza zigubu. Woikankha anali mchimwene wake weniweni, Xavier, amene ankagwira ntchito pamakola aakulu a nkhuku kumtunda. Anaimika ngoloyo, nayamba kukhuthulira zigubuzo mumtsinje.

"Achimwene, mukuthira chiyani m'madzi omwe timamwa?" ananong'ona Rufina.

"Zotsukira m'makola, mlongo, ndi mankhwala otsala omwe nkhuku zimamwa tsiku ndi tsiku. Apatarau, abwana athu, amati tizitaya kukada."

"Alamu anu akuwadula mwendo mawa."

Xavier anamupempha kuti asauze munthu, chifukwa makolawo akatsekedwa, anyamata a m'mudzimo adzadya chiyani? Anatero akutsegula chigubu chotsala, nachikhuthula mlongo wake akuona.

Rufina sanabise. Ananena pachigayo, ananena kutchalitchi, ananena pamsika. Anthu ankamumvera atazolika, popeza pafupifupi khomo lililonse linali ndi mwana kumakolako. Zinali zosavuta kugenda denga la a Laurinda, ndipo analigendadi mpaka mayiwo anamanga katundu wawo ulendo wa ku Dedza.

A Serafim anabwerako akuyendera ndodo, buluku atalipinda ndi kulimanga ndi luzi. Atakhala pakhonde anapempha madzi akumwa. Rufina anayang'ana mtsuko wopanda kanthu, anausenza, natsetserekera kumtsinje womwewo, chifukwa wina kunalibe.