Bokosi Lomwe Linapita ku Koleji

Basi yochokera ku Mzuzu inafika pa Mlare dzuwa lili paliwombo, itafiira ndi fumbi. Zinali zaka zija munthu sunkakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Anatsika mnyamata mmodzi yekha, wa malaya oyera ndi chikwama chong'ambika pangodya, n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku ngati wataya kanthu.

Pansi pa mtengo wa mango panali Eliness Mwangolera ndi lichero la nthochi za mayi ake.

"Achemwali, ndithandizeni," anatero mnyamatayo. "Aliyense amene ndikumufunsa njira akungoti 'yewo, yewo.' Kodi Yewo ameneyu ndi mfumu ya kuno?"

Eliness anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Akukupatsani ulemu, bambo. Mukufuna kuti?"

"Kumsika wogula mpunga ndi thonje. Ndine kalaliki watsopano, Stanford Makwinja, kwathu ku Mulanje. Koma Chichewa chokoma chotere mwachitenga kuti?"

"Kusukulu. Ndalemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira."

"Ndiye mundilozere njira pang'onopang'ono, kuti mawa ndidzasocherenso."

Anasocheradi mawa lake, ndi mkuja womwe. Mwezi usanathe, nthochi za pa Mlare zinali ndi wogula mmodzi wokhulupirika, ndipo "achemwali" uja anali atasanduka "Eli wanga."

"Eli wanga, Kilombero wanga! Mpunga wonse umene ndimayeza pasikelo paja palibe wonunkhira ngati iwe."

"Bodza, a Stanford! Onse a kumwera mumatero."

"Ndikanama, njinga yangayi ithyoke ndili pamwamba. Mpunga ukangokololedwa, ndituma thenga kwa adada ako."

Thenga ndiye munthu amene kuno amatumidwa kukafunsira mbeta kwa makolo. Mawu amenewo Eliness anawasunga mumtima ngati mbewu.

Kenako wailesi inalankhula. Masana ena muulutsi ankawerenga mayina a osankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo banja lonse linazungulira kawailesi ka a Manase, bambo ake a Eliness. Dzina linamveka bwinobwino: Eliness Mwangolera, wa ku Karonga! Pambuyo pake linamvekanso la mnzake wa pamtima, Violet.

A Manase anagulitsa ng'ombe yawo yolimira, imodzi mwa ziwiri, n'kupita ku boma la Karonga. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo labuluu, lonyezimira, ndipo pachivundikiro pake wopenta anali atalemba ndi zilembo zoyera: ELINESS MWANGOLERA. Potsitsa panjinga linawapulumuka n'kupindika pangodya.

"Palibe kanthu," anatero akulisisita. "Ukadzaliona pakati pa mabokosi a anzako, udzalidziwa. Mwana wane, ine khasu landipinda msana. Iwe ukagwire choko."

Madzulo ake Eliness anathamangira kwa Stanford, mtima uli m'mwamba. Koma Stanford sanamwetulire.

"Ndiye wasankha kundisiya?"

"Kukusiyani bwanji? Ndi zaka ziwiri zokha!"

"Ukamaliza, boma lidzakufunsa kumene ukufuna? Lidzakuponya ku Nsanje, ine ndili kuno ndikuyeza thonje. Ndipo koleji imeneyi ikupindulira chiyani, Eli? Taona a hedi a pasukulu pano. Nsapato zawo zatsegula pakamwa ngati ng'ona! Taona a Zebedee, analekezera Sitandade 3, koma lole yawo imapita ku Mzuzu sabata iliyonse. Wophunzira ndani pamenepa?"

"Koma adada agulitsa ng'ombe."

"Ndidzawabwezera khola lathunthu! Tamvera, mtima wanga. Ine ndili pantchito ya boma. Pepala limodzi m'nyumba likwana. Koleji yako ndine."

Mawu okoma bwanji! Ndani wa zaka makumi awiri akanawamva osanjenjemera?

Violet yekha ndiye sanakomedwe nawo. Anamupeza Eliness kudambo akuthamangitsa mbalame mumpunga, n'kumuyankhula mosapsatira.

"Iwe, a Zebedee ndi mmodzi. Amene analekezera Sitandade 3 n'kukhala opanda ngakhale wilibala ndi angati? Wawawerenga?"

"Aphunzitsinso amavutika, Violet."

"Amavutika, inde, koma pepala lawo silikwera basi n'kuwathawa. Stanford wakoyo, thenga wake ali kuti?"

"Akudikira mpunga."

"Nayenso adikire zaka ziwiri! Ngati amakukonda, zimuvuta chiyani?"

Eliness anakafunsadi funso limenelo. Stanford anagwetsa nkhope, maso ake n'kulengeza misozi.

"Ine kudikira ndingadikire. Koma kumeneko kuli anyamata a mataye, olankhula Chingerezi cha m'mphuno. Udzandikumbuka ine wa sikelo? Ukakwera basi ija, Eli, ndidziwa kuti sunandikondepo."

Tsiku lonyamuka linafika. A Manase anamangirira bokosi panjinga m'mawa, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Eliness anatuluka m'nyumba atavala chitenje cha kumunda.

"Adada, sindipita."

"Wadwala?"

"Ayi. Ndikwatiwa."

Bambo aja sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anamasula chingwe, n'kubweza bokosi m'nyumba.

"Munthu amene akukuletsa kukwera, mwana wane, akufuna ukhale pomwe angakufikire. Chabwino. Thenga wake ndimudikira."

Basi inadutsa pa Mlare, Violet atatulutsa mutu pawindo, akuyang'anabe ngati mnzake angatulukire. Sanatulukire.

Mpunga unakololedwa. Thenga sanabwere. Stanford anati thonje lachuluka, ntchito yamupanikiza. Thonje litatha anati amalume ake ku Mulanje akudwala, sangayambe nkhani popanda iwo. Koma mawu okoma okha sanathe ayi.

Tsiku lina anabwera akupalasa njinga ngati wamisala.

"Eli! Kilombero wanga! Mwayi wathu wafika! Andisankha kupita ku koleji ya zaulimi ku Lilongwe. Ndikabwerako ndine mlangizi, njinga yamoto, nyumba ya malata!"

Eliness anaima chilili. "Koleji? Si inu munati koleji ilibe phindu?"

"Aaa, usatero! Zanga n'zina. Ndikupitira ife tonse. Si ndinakuuza kuti pepala limodzi likwana? Ndi limeneli ndikukatenga."

"Nanga thenga?"

"Ndikangobwera. Ukufuna ndikaonekere kwa adada ako ngati kalaliki wamba? Ndikufuna adzandilandire ndi ulemu." Anamugwira dzanja, n'kutsitsa mawu. "Koma pali kanthu kamodzi. Chikwama changa ukuchidziwa, anzanga akandiseka. Bokosi lija likungokhala, bwanji undibwereke? Usiku uliwonse ndizidzawerenga dzina lako ndisanagone. Lidzakhala ngati iweyo wapita nane."

Mtsikana anamupatsa. A Manase ali kumunda, bokosi linatuluka pakhomo. Atabwera anaona pomwe linkakhala pali mbee, ndipo anangofunsa funso limodzi:

"Iye wakusiyira chiyani?"

Eliness anatenga lichero lake n'kupita pansi pa mango.

Miyezi yoyamba makalata ankabwera, odzaza ndi "duwa langa" ndi "mpweya wanga." Kenako anayamba kufupika. Chaka chachiwiri anasiyiratu. Patchuthi Stanford sankabwera, ankati ulendo ndi wautali. Eliness anapita kwa a hedi aja a nsapato zotsegula pakamwa, kukafunsa ngati angalembetsenso ku koleji. Iwo anapukusa mutu mwachisoni.

"Mwana wanga, malo ako anapatsa wina tsiku lomwelo. Ofuna ndi ambiri. Wokana yekha samuitananso kawiri."

Violet anamaliza, n'kutumizidwa ku Vinthukutu. Sanalemere ayi. Malipiro ankachedwa, nyumba yake inkadontha. Koma patchuthi ankadutsa pa Mlare ndi ambulera yake, ana akumuthamangira kuti "Madamu! Madamu!" ndipo ankalipirira yekha sukulu ya mng'ono wake. Eliness anali pomwe paja, pansi pa mango, ndi lichero la nthochi.

Komabe basi iliyonse ikaima, ankadzutsa mutu n'kuyang'ana otsika. Mwina lero?

Linafikadi tsikulo. Basi inaima, fumbi n'kukhazikika, ndipo anatsika mwamuna wonenepa bwino, wa taye ndi magalasi akuda. Stanford! Boma linali litamubwezera dera lomwelo ngati mlangizi, pakuti boma silifunsa munthu kumene ali ndi mangawa a mtima.

Eliness anaimirira, nthochi n'kugubuduka. Koma asanaitane, Stanford anatembenuka n'kupereka dzanja kwa mayi wina amene ankatsika pambuyo pake, wa diresi la maluwa ndi nsapato zazitali, mphete ikung'anima pachala.

Kondakitala anatsitsa katundu padenga. Matiresi. Mipando iwiri. Kenako bokosi lachitsulo, lopakidwa penti yobiriwira, lopindika pangodya. Pachivundikiro panalembedwa kuti MRS BESSIE MAKWINJA. Koma chingwe cha padenga chinali chitapala penti m'njira yonse ya mabampu, ndipo pansi pa dzina latsopanolo pankasuzumira zilembo zoyera zakale: ELIN.

Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, n'kuona Eliness.

"Amayi a nthochi, pepani, simungatisenzereko bokosili mpaka kusukulu? Ndine mphunzitsi watsopano. Tikupatsani kangachepe."

Stanford anavula magalasi. Nkhope yake inachita ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Bessie, tiye, tipeza wina."

"Mupeza wina?" anatero Eliness. "Zoona, a Stanford, kupeza wina mumatha."

"Mukudziwana?" anafunsa Bessie.

"Ndi... ndi mtsikana wa kuno. Ndinkagula nthochi."

"Nthochi! Lero ndine wa nthochi? Kilombero uja anathera kuti?"

Stanford anamukokera pambali, akunong'ona mwaukali. "Eliness, usandichititse manyazi pagulu. Zinthu zinasintha. Pa udindo wangawu kumabwera mabwana kunyumba, pamafunika mkazi woti angathe kucheza nawo. Komanso moyo wakwera. Masiku ano pepala limodzi m'nyumba silikwana."

"Bwerezani."

"Ndati silikwana! Ukanapita ku koleji, bwenzi nkhani ili ina. Ine sindinakumange miyendo."

Kodi pali mpeni wakuthwa kuposa pamenepa? Eliness sanalire. Misozi inakana kutuluka. Anapita pa bokosi, n'kugwada, n'kupala penti ndi chikhadabo mpaka dzina lake lonse loyamba linaonekera.

"Madamu, werengani. Inu ndinu ophunzira."

Bessie anawerenga, n'kuyang'ana mwamuna wake. "Stanford, si unati unandigulira ku Lilongwe? Unati ndi mphatso ya chinkhoswe!"

"Anagula ndi adada anga," anatero Eliness. "Inapita ng'ombe yolimira. Inu sindikulimbana nanu, Madamu. Mwamunayo tengani, ndakupatsani. Koma bokosi ndi langa. Tsegulani."

Anthu anali atazungulira kale, amayi a mumsika, anyamata a chipani, ngakhale kondakitala anaiwala kuimba belu. Bessie anatulutsa kiyi m'kachikwama. Anachotsa yekha madiresi ake, mabuku ake, ndi satifiketi yake ya mugalasi, n'kuziunjika pamatiresi. Stanford anangoti chilili, thukuta likutsikira pataye yake.

Eliness anapinda chitenje n'kupanga nkhata, anasenza bokosi, n'kuuyamba wa kumudzi. Linali lopepuka ngati mulibe kanthu, pakuti munalibedi kanthu.

A Manase anali pakhonde akusongola mpini wa khasu. Anakweza maso, n'kuona ngodya yopindika ija.

"Labwera?"

"Labwera, adada." Analitula pamapazi awo, ndipo apa ndi pomwe misozi inatuluka. "Lapita ku koleji, lamaliza. Mwini wake ndiye sanapite."

Bambo aja anasisita chivundikiro monga anachitira tsiku loyamba. Sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Lowetsa m'nyumba, lingachite dzimbiri."

Ukadzatsika pa Mlare, yang'ana pansi pa mango. Ine ndinadikirapo basi tsiku lina, ndipo mayi wa imvi wogulitsa nthochi anandisendera kuti ndikhale naye pa bokosi lachitsulo lopindika pangodya. Atsikana a yunifolomu akamadutsa amawaitana, n'kuwapatsa nthochi imodzi imodzi yaulere, n'kuwafunsa kuti ali kalasi yanji. Penti yobiriwira inasupuka kalekale, yabuluu nayonso ikutha. Dzina lokha ndi limene amalipentanso chaka ndi chaka.