Mbale Yodzaza pa Mlatho wa Njanji

Basi yomaliza inali itapita kalekale pamene Chizuru ankatuluka m'bogi yophunziriramo, koma iye analibe nazo ntchito. Chimwemwe chinali chitadzaza tsaya. Mawa lake kunali mayeso, ndipo akakhoza adzakhala woperekera zakudya m'sitima yapamwamba ija, ya makatani a silika, piyano ndi mabedi ofewa, imene anthu amadikira zaka kuti apezemo malo. Akalephera, adzabwerera kufakitale kukapala nsomba.

Vuto linali msuzi. Sitima ikangokhota, msuzi wa Chizuru unkathera pansi. Mayi Hoshino, aphunzitsi ake osadziwa kuseka, anali atamuuziratu: "Dontho limodzi mawa, ukanole mpeni wako wa nsomba."

Choncho anatenga thireyi ndi mbale yodzaza madzi kuti aziyeserera m'njira. Mtsikana wamkulumkulu, usiku ngati umenewo, kumamwetulira mitengo ngati alendo olemekezeka! Anadzera njanji yakale yosiyidwa, yodutsa kuseri kwa manda, chifukwa inali yachidule.

Atafika pamlatho anamva mawu kumbuyo kwake.

"Msuziwo, mwana wanga, ukumwetsa njanji."

Anali bambo wachikulire, wa jekete yoyera ndi magolovesi oyera. Anawerama mwaulemu. Chizuru naye anawerama, madzi onse khuthu.

"Pepani agogo, ndikuphunzira kumene."

"Ndaona. Thireyiyo waigwira ngati inakulakwira. Ine ndadyetsa nduna ndi akazi awo m'bogi yodyeramo, sitima ili pa liwiro, osadonthezapo. Tiye."

Poyang'ana mbale ija, inali itadzazanso mpaka m'milomo. Chizuru sanafunse n'komwe, chisangalalo chopeza mphunzitsi chinali chitamutseka maso. Mkuluyo anamuuza kuti chigongono chisakhudze nthiti, maondo afewe, ndipo aziponda pamene gudumu lagunda polumikizira njanji.

"Mbale usaiyang'ane. Yang'ana wanjalayo."

Anayamba kuwoloka, thabwa ndi thabwa. Madzi ali phee. Zikutheka! Chizuru anafuna kuvina pomwepo. M'maganizo anali atavala kale yunifolomu, akudutsa pakati pa matebulo, piyano ikulira.

Pakati pa mlatho m'pamene china chake chinamutsina khutu. Mapazi ankamveka anali ake okha. Anaponya diso pambali. Kuzizira konseko, pakamwa pa mkuluyo sipankatuluka nthunzi. Mphepo inakupiza jekete ija... mkati munali kimono yoyera, mkanjo wachijapani, mbali ya kumanja ili pamwamba.

Mmene amavekera maliro!

Njanji inayamba kunjenjemera. Njanji yadzimbiri, yosayendapo sitima. Kenaka kunalira mluzu wautali... osati kutsogolo. Osati kumbuyo. Pansi, mumtsinje.

Tsitsi linaima. Miyendo inati tithawe.

"Usataye," anatero mkuluyo chapansipansi. "Alendo anga adikira nthawi yaitali."

Athawire kuti pa mlatho wa mipata? Chizuru anayenda. Za maondo ofewa sizinavutenso, mantha anali atawafewetsa kale. Thabwa. Lina. Linanso. Atafika tsidya anatembenuka, koma pamlatho panalibe munthu. M'mbale simunachoke ngakhale dontho.

M'mawa, sitima yamayeso itakhota pa phiri, anzake awiri anasambitsa matebulo. Chizuru anadutsa bogi yonse, maso ali pa Mayi Hoshino amene anakhala kumapeto ngati mlendo, n'kuwaikira msuzi wosagwedezeka. Anadikira mawu oti wakhoza. Mayiwo sanakhudze supuni.

"Kayendedwe aka wakatenga kuti? Ine sindinakuphunzitse."

Chizuru anafotokoza zonse: mlatho, magolovesi, ndi mawu aja a wanjala. Nkhope ya mayiwo inagwa.

"Amenewo ndi bambo anga," anatero. "Madzi osefukira anakokolola sitima yawo pamlatho umenewo ine ndili kamwana. Tsiku lomwe ankanyamuka anandilonjeza kuti akabwera adzandiphunzitsa kunyamula thireyi."

Mayi Hoshino anapukuta m'maso, n'kuwerama pamaso pa wophunzira wawo mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Ntchito waipeza, Chizuru. Koma usiku uno undiperekeze kumlathoko. Thireyi ndinyamula ndine."