Loboti Yosaona Madzi

Safia ankagulitsa tiyi m'tirumu ya mayi ake ku Nkope tsiku limene Yunus anatsika minibasi atanyamula kamera ndi laputopu. Atamwa makapu awiri, anapempha zachilendo: kujambula dzanja la Safia likuthira tiyi.

Anafotokoza kuti kuyunivesite akupanga loboti yothira zakumwa, koma maso ake saona madzi chifukwa ndi oonekera mkati. Ikamathira m'tambula sidziwa kuti mwadzaza, imangotayira patebulo.

"Ndiye kuti mwana wa zaka zitatu akuiposa nzeru?" Safia anaseka.

Kwa milungu itatu Yunus ankabwera m'mawa uliwonse. Anajambula madzi, mkaka, mafuta ophikira, ngakhale thobwa. Pa laputopu anamuonetsa madzi ongoyerekeza, timadontho tabuluu tikugubuduka m'kapu. Safia anati thobwa silitsika choncho, limayamba lakana kenako n'kugwa lonse pamodzi. Anamuuzanso kuti iye sayang'ana kapu pothira, amangomvera phokoso likamasintha. Yunus analemba zimenezo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Duwa langa, ndikangomaliza maphunziro amalume anga afika kwanu. Inshallah."

Kenako anapeza mwayi wokapitiriza kafukufuku ku Turkey. Poyamba mameseji ankabwera tsiku lililonse: "Wadzuka bwanji, mtima wanga? Tiyi wakuno sakoma." Kenako kamodzi pamlungu, kenako mwezi wonse zii. Safia ankakwera pachulu kuseri kwa mzikiti, pomwe netiweki imagwira bwino, n'kutsika osapeza kanthu. Kodi maphunziro amaumitsa zala? Amuna awiri anamufunsira, onse anawakana.

Patatha chaka Yunus anatumiza vidiyo. Dzanja lachitsulo linanyamula ketulo, kuthira, n'kusiya kapu itadzaza bwinobwino. "Yaphunzira! Imamvera phokoso ngati iwe." Safia anaionera mpaka foni kuzima, akuimitsa pomwe phewa la Yunus linkaonekera pakona.

Lachisanu lina kunabwera mtsikana wochokera ku Mangochi boma, n'kunena kuti ndi Nadia, mchemwali wa Yunus.  Safia anamupatsa mpando wabwino.

Nadia anati achimwene akubwera mwezi wamawa kudzachita nikah, ukwati wa Chisilamu, ndi mnzawo wakusukulu. M'banjamo anamvapo kuti mandasi okoma ali ku Nkope, kwa mtsikana uja anathandiza kafukufuku. Kodi angawaphikire?

Safia anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono.

"Alendo adzakhala angati?"